Masamba Omwe Anadyedwa ndi Makoswe

"Walakwanso," anatero Romano, uku akukulunga fodya wake m'kapepala. "Pa nambala 14 ndi *loose*, osati *lose*."

Albertina anafufuta yankho lake n'kulemba la mwamuna wake. Koma mutu wakewu kuuma kwake! Miyezi itatu yathunthu pakhonde lomweli, tsiku lililonse akaweruka kumunda wa mbatata, mawu a Chingerezi ofanana ngati mapasa ankangomuzunguza. Iye akati *quiet*, Romano ankapukusa mutu: *quite*. Akati *accept*, ayi ndithu, *except*. Pa mafunso khumi ankakhoza awiri, ndipo manyazi ankamugwira.

Ezame, mayeso olowera kusukulu ya uphunzitsi ku Ulongwe, inali mawa lake. Chaka chatha anagwa ndi Chingerezi chomwechi, ndipo zaka zake zinali zitafika pamalire. Kugwanso ulendo uno, basi, khasu mpaka kumanda.

Mwayi wake unali Romano. Iyeyu Chingerezi anaphunzira ku Dedza ali mwana, makolo ake atadumpha malire kuthawira kumeneko nthawi ya nkhondo. Buku la mafunso lomwe ankagwiritsa ntchito anakagula yekha ku Kalomwe, lakutha kale. Masamba a mayankho kumapeto kwake, iye anati, anadyedwa ndi makoswe.

"Nanga bambo a Ivo, popanda inu ndikanatani?" anatero Albertina kwa mwamuna wakeyo.

"Ukadzakhala purofesora usadzatiiwale ife alimi," anayankha Romano moseka, utsi ukutuluka m'mphuno.

Amayi anzake pamudzipo nsanje inkawapha. Awo amuna awo bukulo akanalisonkhezera pamoto tsiku loyamba lomwe.

Albertina anabwerako ku ezame masana, mtima uli m'malo. Mawu aja anabweradi, mzere wonse. Dzanja linkathamangira mayankho ake akale, iye n'kulibweza, n'kulemba monga anamuphunzitsira mwamuna wake, osaphonya ngakhale limodzi.

Anapeza Romano ali kudimba, jekete lake lili pa msomali wa pakhonde, lakuda bii. Munthu wotere umamuthokoza ndi chiyani? Bola kumuchapira. Anapisa m'thumba kuti asanyowetse kanthu. Munatuluka machesi, kathumba ka fodya, ndi timapepala tokulungira fodyayo, todulidwa bwinobwino ndi lumo.

Kamodzi kanagwa pansi. Pokatola anaona kuti kali ndi zilembo zosindikiza, zofanana ndi za m'buku lija.

*14. lose. 15. quiet. 16. accept.*

Anakhala pansi, n'kutsegula kaderno wake, kope lomwe ankalembamo mayankho. Pansi pa mayankho a Romano, zomwe iye anafufuta zinkaonekabe pang'ono. Anayala timapepalato pamkeka, kena pambali pa kanzake, n'kumafananiza.

Palibe ndi kamodzi komwe kanali ndi dzino la khoswe. Miyezi itatu yonseyo Albertina ankakhoza, ndipo mayankho ake mwamuna wake ankawasuta iye akuona.