Nyama ya Malo Achinayi

"Bambo, ano ndi malo achinayi," anatero mwana wawo wamkazi atakukuta mano. "Mukakananso pano, ine ndikusiyani."

Mkuluyo sanamve n'komwe. Zaka makumi atatu za m'butchala zinawasiyira khalidwe limodzi: nyama imene sanaione ili yaiwisi saitanitsa. Chiyambire m'mawa, awiriwa anali atazungulira mzinda wonse kufuna malo ootcha bwino nyama yang'ombe. Koyamba bambo anati ng'ombeyo inafa ndi ukalamba. Kwachiwiri anangonunkhiza pakhomo n'kubwerera. Kwachitatu anakangana ndi wophika mpaka mlonda anabwera.

Tsopano woperekera zakudya anaima ndi nthuli yaiwisi m'mbale, anthu a matebulo ena atasiya kudya. Manyazi anamugwira mwana wawo uja, yemwe anali woyembekezera. Miyendo inali itatupa, ndipo mwana m'mimbamo ankaponda ngati nayenso watopa nawo agogo akewo.

Bambo anadinikiza nyamayo ndi chala. Kadzenje kanabwerera pang'onopang'ono.

"Iyi ndiye nyama. Ipse mpaka m'kati, koma mukaiumitsa ndikupezani konko."

Itabwera, anaidula tizidutswa mosamala, n'kukankhira mbale yonse kwa mwana wawo.

"Nanga inu?"

"Nditafuna ndi chiyani? Mano ndasiya kunyumba, m'kapu. Paja kuchipatala anati magazi ako achepa. Idya, mwanawe, ikuzizira."

"Tsiku lonseli, bambo! Osangonena bwanji?"

Anatsegulanso pakamwa kuti akalipe bwino, koma foloko ya bambo inali itafika kale.