Chilumba cha Zilembo Zisanu

Mogens anakhoma chitseko cha bafa, natsegula mpopi kuti madzi azisokosa, kenako anayandikiza foni kukamwa.

"Chilumba chotchuka ndi mbatatesi, zilembo zisanu," ananong'ona.

Foni inangoti zii. Yankho linakamvekera kukhitchini, pa kawailesi kamene mkazi wake Birthe anakalumikiza ku foniyo dzulo lake pofuna nyimbo. Anali mawu a makina, okweza ngati akulengeza za sitima:

"Yankho ndi Samsø."

Supuni imene inkalira m'kapu inaleka.

Mogens anatuluka, nalowa kukhitchini. Nyuzipepala inali patebulo pomwe anaisiya, pambali pa buledi wakuda ndi tchizi, timabokosi tonse ta masewera a mawu opingasana titadzaza kupatula tisanu. Pamwamba pake panagona cholembera cha inki chimene ankanyadira. Pensulo ndi ya anthu okayikakayika, ankatero m'mawa uliwonse.

Mlamu wake Aksel anaseka mpaka kutsamwa khofi. "Alamu, kani nzeru zija mumakazitapa kuchimbudzi? Ife kumangoti mwina ndi m'mimba!"

Mogens anayesa kuseka nawo, koma milomo inakana. Maso anangoti pansi.

Birthe sanaseke. Anazimitsa kawailesi, nakokera mwamuna wake mpando, namuika cholembera m'dzanja. Chala chake chinaima pa kabokosi koyamba.

"Samsø," anatero motsitsa mawu. "Ndi kwathu kuja, Mogens. Kumene unadzandipeza."

Mogens anayang'anitsitsa timabokosi topanda kanthu tija, nagwedeza mutu ngati wakumbuka, ngakhale dzinalo silinamukumbutse kanthu.