Nkhope ya Amalume

"Amalume, musagwedeze mutu, utoto wa akiriliki suchedwa kuuma," anatero Lonia.

A Lenard anakhazikikanso pabenchi, pakhonde la golosale yawo kumudzi kwa Zingalume. Zaka zinayi Lonia ankagulitsa m'golosalemo, kuseri kwa mawaya a pakauntala. Loweruka lokha ndiye ankapalasa njinga kupita ku boma kukaphunzira kujambula kwa Mayi Mbewe, mphunzitsi yemwe tsopano anali atamupezera malo pakosi ya ku Lusaka. Chinangotsala ndi chilolezo cha amalume akewa, omwe anamulera.

Pachithunzi cha amalumewo, Lonia anapaka utoto wachikasu patsaya lomwe dzuwa linkawomba. Pansi pa chipewa sanaikepo wakuda. Anasakaniza wabuluu ndi wofiirira monga anaphunzirira, ndipo maso anaonekera mumthunzimo ngati amoyo.

"Mwaona, amalume? Ku Lusaka ndikaphunzira zoposa apa."

A Lenard anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, mpaka anapukuta msozi.

"Mwana wa mlongo wanga, ine ndimayesa ukungoseweretsa utoto, moti mumtima ndinali nditavomera kale kuti upite ukatope nazo. Koma waluso chonchi, Lusaka sangatibwezere. Ukhala konkuno."