Mkazi Wanga Wabwera Kudzanditenga

Jabez Hollick anaima pabwalo la ndende ya ku Sydney akumwetulira ngati mkwati. Akaidi anzake anali atapita kale kokaphwanya miyala. Iye yekha anatsala, chifukwa mkazi wake anali atatsika sitima dzana lake kudzamutenga.

Lamulo linkalola zimenezi. Mfulu aliyense ankatha kupempha kuti apatsidwe mkaidi woti akhale wantchito wake, ndipo akazi ochenjera ankapempha amuna awo omwe. Papepala mwamunayo ankalembedwa wantchito, koma kunyumba ndani sankadziwa mwini mpando?

Pakona pa bwalolo, Mulqueen wokwapula akaidi anali atanyika chikoti chake m'madzi amchere. Zaka ziwiri zathunthu chikoti chimenecho chinalima pamsana pa Jabez, ndipo Jabez sanaiwale mzere ndi umodzi womwe. Ankamuda munthuyo ndi mtima wake wonse.

"Undiyang'anitsitse, galu iwe," anatero Jabez. "Msana uwu sudzauonanso. Tsiku limene tidzakumane kunjaku, udzandidziwa."

"Uyende bwino, mkwati," anayankha Mulqueen. "Ine ndili pompano."

Mkazi wake Keziah analowa atavala chipewa chakuda, ali woonda kuposa kale. Miyezi isanu panyanja, chifukwa cha iye! Jabez anafufuma nazo. Mkazi weniweni ndi ameneyu, anaganiza motero. Umumenye, umutukwane, mawa akulondola mpaka kumathero a dziko.

Woweruza anali patebulo lake pakhonde, pamene ankamvera madandaulo a mabwana m'mawa uliwonse. Anamuwerengera Keziah malamulo mothamanga. Mkaidiyo azimudyetsa, azimuveka, ndipo akachita mwano abwere naye pano, mawu a bwana ndi umboni wokwanira. Keziah anapempha kuti abwereze gawo lomalizalo. Jabez anaseka chamumtima, poti mutu wa mkaziyu unali wouma chikhalire.

Keziah anasaina ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono. Zala zakumanja zinapindika kuyambira tsiku limene Jabez anazipana pachitseko kwawo ku Leicester. Zinali zakale zimenezo, za m'banja.

"Iwe Kezi, ukulemba buku kodi?" anatero Jabez, akumukoka pachigongono monga ankachitira kale. "Fulumira, chitsiru, njala yandipha ine."

Keziah sanamucheukire n'komwe. Anaika cholembera patebulo mosamala, nadikira kuti woweruza adinde pepalalo.

"Bwana, mwadzimvera nokha mmene wantchito wangayu akundiyankhulira. Mwano wotere ndi zikoti zingati?"

"Makumi asanu, mayi."

"Yambani. Watsala ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo nyumba ndapeza kuseri kwa mpandawu. Tizionana kawirikawiri."

Mulqueen anali atavuula kale chikoti m'madzi muja.