Apongozi m'Sitima ya Anthu Wamba

Sitima itangonyamuka pa Damanhur, bakha wa mayi wina anatulutsa mutu m'dengu n'kujompha nsapato ya a Haji Metwalli. Ezzat analakalaka atalowa pansi.

A Haji anali bambo ake a Wafaa, mtsikana amene Ezzat ankafuna kumanga naye banja. Tsikulo ankapita ku Alexandria kukagula golide wa chitomero. Wafaa ndi mayi ake anali atatsogola dzulo lake, kukagona kwa azakhali. Paulendo wotere wolipira ndi mkamwini, zimenezo ngakhale mwana amadziwa.

Koma thumba la munthu wokonza mafiriji ngati Ezzat silichedwa kuonetsa pansi. Ndalama yogulira golide inali payokha, yosakhudzidwa. Zotsala zinali mapaundi mazana atatu basi. Basi ya mipando yofewa ndi mphepo yozizira inkafuna mapaundi makumi asanu ndi awiri pamutu. Anthu awiri, kupita ndi kubwerera, akanatsala ndi makumi awiri, osakwana ngakhale madzi a nzimbe ogulira apongozi aakazi. Sitima ya anthu wamba inali khumi ndi asanu pamutu. Ezzat anawerengera uku, anawerengera uko, yankho linali limodzimodzi.

"Tikwere basi, mwananga," anatero a Haji ali padepoti.

"Onse adzaza, bambo," ananama Ezzat, mabasi atatu ali chiimire poteropo opanda munthu, oitanira akusasa mawu.

"Ndiye tidikire ina. Ndilipira ndine."

"Ndalumbira pali Mulungu, dzanja lanu lero sililowa m'thumba!"

Munthu akalumbira chotero, mkangano watha. A Haji anamutsatira kusiteshoni ngati akupita kumaliro.

Ndiye ndi awa tsopano, pabenchi yolimba, mawondo akugundana ndi matumba a anyezi. Windo linalibe galasi, fumbi linkangolowa mwaufulu. Msilikali wina anali atagona pamwamba, poika katundu, mapazi akulendewera pamutu pa a Haji. Ndipo a Hajiwo sanali munthu wamba ayi. Damanhur yonse inkawadziwa kuti ali ndi sitolo ya zovala ku Alexandria, ankachoka m'mamawa atatchena, n'kubwerako dzuwa litalowa. Lero anavala jekete lakuda ndi nsalu yoyera yapakhosi. Munthu wotere ndiye ukamukhazike pafupi ndi bakha?

Nsalu ija anayamba kuikokera m'mwamba, kaye pakamwa, kenako pamphuno, mpaka kunangotsala maso. Anatembenukira kuwindo, osacheukanso. Ezzat ananunkhiza mpweya. Zoonadi, munali fungo la thukuta, la anyezi ndi la nsomba zamchere. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu munatentha.

Kondakitala anafika, n'kulandira matikiti awiriwo kwa Ezzat. Anaboola, kenako anayang'ana mkulu wophimba nkhope uja nthawi yaitali, ngati akufuna kunenapo kanthu. Anangopukusa mutu n'kupitirira. Ezzat anamva zonse zimene kondakitalayo sananene. Mkamwini wanji uyu, wokweza munthu wolemekezeka m'khola?

Ogulitsa malonda anayamba kudutsa monga mwa masiku onse. Amalowa m'bogi, chipinda cha sitima, n'kumaponya katundu pamiyendo ya aliyense, afune asafune, kenako n'kubwerera kudzatolera katundu kapena ndalama. Anadutsa wa maswiti, anadutsa wa timabuku ta mapemphero. Aliyense akamayandikira, a Haji ankadzipinda, mutu n'kuuloza pansi. Maswiti anagwera pajekete lawo, iwo osawakhudza n'komwe. Ezzat anawatola msanga n'kubweza.

Analimba mtima. "Bambo, mundikhululukire. Pobwerera tikwera basi, ngakhale nditakongola."

"Khala chete," anayankha a Haji, mawu akutulukira m'nsalu. "Usanditchule."

Apa Ezzat anadziwa kuti zake zada. Anaona kale mmene zikathere madzulo ano. A Haji akaitana Wafaa n'kumuuza kuti mwamuna wolephera tikiti ya basi sangadyetse mkazi, ndipo mayi ake adzavomereza ndi mutu. Zaka zonse zokwera masitepe atasenza mafiriji a anthu, n'kudzataya mkazi chifukwa cha mapaundi ochepa. Anayang'ana manja ake, okandikakandika, ndipo anawabisa pakati pa mawondo.

Atadutsa Kafr el-Dawwar munalowa mayi wonenepa wogulitsa zipeso, mawu ake ngati belu.

"Zipeso, zipeso! Wadazi agulire mkazi wake, wopanda mkazi agulire mnzake!"

Anaponya chipeso kwa mwini bakha, china kwa Ezzat, china kwa a Haji. Anapita masitepe awiri, n'kuima. Anabwerera, anawerama, n'kuyang'anitsitsa maso aja pamwamba pa nsalu. Ezzat anadzuka kuti amuthamangitse, koma mayiyo anali atakoka kale nsaluyo.

"Metwalli! Ndiwe? Anthu inu, tabwerani mudzaone! Jekete, mpando, ndi tikiti yomwe wagula! Nanga thumba lako la masokosi walisiyira ndani lero? Makasitomala ako akhala akukufunsa kuyambira bogi yoyamba."

A Haji sanadzutse mutu. Dzanja lawo linagwira bondo la Ezzat.

"Wafaa amadziwa kuti bambo ake ali ndi sitolo," ananong'oneza. "Ndagwira mwendo wako, mwananga, usakamuuze."