Mlimi wa Pakhoma

M'mudzi mwa Nachisale magetsi anali aulere, bola pakhoma la nyumba iliyonse pakhale galasi loonetsa malonda a pa intaneti. Mayi Nachisaleyo ankadana nalo galasilo, moti ntchito zake zonse ankagwira atalifulatira.

Tsiku lina masana akupeta mpunga, analandira foni kuchokera kwa mwana wake Ndaziona, amene ankajambula zithunzi zoyenda za malondawo ku Lilongwe.

"Amayi, tatembenukani. Akutsatsa mbewu ya chimanga."

Pagalasipo kamunthu kojambula kankalima ndi dzanja lamanzere. Kanaima, kanalavulira m'manja, n'kukankhira chipewa kumbuyo ndi chala chimodzi. Lichero linampulumuka Nachisale. Panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi chimwalirireni mwamuna wake, ndipo sanasiye ngakhale chithunzi chimodzi.

"Bambo akotu awa," ananong'ona. "Mwanawe, wawalowetsa bwanji mmenemu?"

"Ndinangowakumbukira, amayi. Azibwera katatu pa tsiku mpaka mvula idzayambe."

Nachisale anayandikira choyenda ndi maondo, mpunga uli mbwee pansi. Kamunthuko katakankhanso chipewa, iye anaomba m'manja mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, bambo?"