Revathi Wasasa Mawu Tsiku la Alendo

Kamtondo ka mayi Omana kankamveka mpaka kumsewu. Jinja wouma, tsabola wakuda ndi masamba a tulasi, kachitsamba konunkhira ka mankhwala, othyola pakhomo, zonsezi ankazisinja ngati zawalakwira.

Masana a tsikulo kunkabwera alendo ochokera ku tawuni ya Kottayam, odzaona Revathi, mwana wa mayi Omana, kuti zikayenda bwino amange banja ndi mnyamata wa kumeneko dzina lake Sajeev. Nthochi anali atakazinga kale. Sari yatsopano, nsalu yaitali imene akazi a ku India amavala, inali pabedi. Koma Revathiyo anadzuka wopanda mawu. Akati ayankhule, pakhosi pankangotuluka kamphepo.

"Dzulo unalowa muno ukuseka, mano onse pamtunda," anatero mayi Omana. "Lero alendo akubwera, pakhosi patsekeka? Ine ndinakubereka, iwe."

Revathi, ali chikhalire pa kampando ka m'khitchini, analoza pakhosi pake n'kukwinya nkhope.

"Mwina akudwaladi, amake mwana," anatero bambo Raghavan ali pakhonde, maso ali pa nyuzipepala.

"Inu werengani zanuzo. Mwaiwala mnyamata wa ku banki uja? Anamuthirira mchere mu tiyi. Nanga mphunzitsi uja? Mutu unamugwira mwana wanuyu galimoto itangoima pageti, n'kudzapola itangonyamuka. Leronso watulukira china."

Bambo Raghavan anatembenuza tsamba mwakachetechete.

Mayi Omana ankadziwa mankhwala a pakhosi monga aliyense wa mumsewu wawo. Anayamba ndi madzi ofunda a mchere ndi chikasu pang'ono. Revathi anachukucha pakhosi n'kulavulira kuseri kwa nyumba. Mawu osabwera. Anamupatsa supuni ya uchi wosakaniza ndi madzi a jinja. Ananyambita supuni yonse. Mawu osabwerabe.

"Chabwino," anatero mayiwo. "Tiona amene atope."

Anakhuthulira zosinja zija m'kapoto n'kuziwiritsa mpaka madzi atada. Tsabola anathira dzanja lonse, pomwe masiku onse amangotapa ndi zala. Shuga wa mgwalangwa, amene amaziziritsa ukali wake, anamubwezera pa shelefu. Wodwala weniweni amamwa zimenezi akulira. Wonamizira amachira kapu isanafike pakamwa.

Fungo lake linawatsokomoletsa ngakhale bambo Raghavan pakhonde paja.

Revathi analandira kapuyo ndi manja awiri. Anamwa. Misozi inatsika, mphuno inafiira, thukuta linayamba pamphumi. Anamaliza yonse, n'kutambasula dzanja kupempha ina.

Mayi Omana anagwira m'chiuno. "Taonani khama la bodza! Ukanalimbikira chonchi kusukulu bwenzi uli dokotala."

Komabe ataona misozi ija, mtima wawo unafewa. Anatenthetsa mkaka, n'kuthiramo chikasu ndi kadontho ka mafuta a ng'ombe, kenako anakhala pambali pa mwana wawo n'kumamusisita kumsana.

"Tamvera, mwana wanga," anatero chapansipansi kuti bambo asamve. "Sindikukuthamangitsa pakhomo pano. Ndimangofuna ndikuone uli ndi munthu wokusamala ine ndi bambo ako mphamvu zisanathe. Mnyamatayu akuti ndi waulemu, samwa, ndipo amayi ake sindinamve wowadandaula. Sungangomuona nkhope yokha?"

Revathi anatsegula pakamwa, manja akuuluka uku ndi uku, mutu ukugwedezeka. Panatuluka kamluzu kokha.

Mayi Omana anausa moyo. Anamva zimene ankayembekezera kumva: kukana. "Basi. Uwapatse tiyi mwaulemu, wopanda mchere. Zowakana undisiyire ine, ndidziwa ponena."

Anamuveka sari ija, n'kumumanga maluwa oyera kutsitsi, uku akukonza mumtima mawu opepesa. Ankaona kale mmene nkhaniyi ikafalikire ku Kottayam: mwana wa a Omana uja wakananso wina.

Galimoto inaima pageti. Munatsika mayi wonenepa wansangala, mayi Ambujam, amake a Sajeev, pambuyo pake Sajeevyo, mnyamata wamtali wovala malaya oyera. Bambo Raghavan anawalandira n'kuwakhazika pabalaza. Revathi anabweretsa tiyi ndi nthochi zija, maso ali pansi.

"Ulendo munayenda bwanji, achimwene?" anafunsa bambo Raghavan.

Sajeev anamwetulira n'kuweramitsa mutu. Sanayankhe.

Wamanyazi, anaganiza motero mayi Omana. Mwana wabwinobwino ngati ameneyu abwerere chimanjamanja! Anakonza pakhosi pawo.

"Mutikhululukire, mayi," anayamba. "Mwana wathuyu lero sayankhula. Wadzuka atasasa mawu, ndipo kunena zoona..."

Mayi Ambujam anawomba m'manja n'kuseka mpaka tiyi kutayikira pa sosala.

"Nayenso? Wangayu chidzukireni ndamumwetsa jinja, chikasu, uchi, zonse za m'nyumba, koma ng'o! Ndinawauza ine kuti mpikisano wa ngalawa saonera pamvula, iwo osamva. Akuti anakuwa tsiku lonse mpaka ngalawa yomaliza."

"Iwo ndani?" anafunsa mayi Omana.

"Awiriwa! Si mwana wanuyu anamukokera kumeneko dzulo? Chichokereni chaka chatha sasiyana, ndipo ndi Revathi amene anandichonderera kuti tibwere mwamwambo, bambo ake asakhumudwe. Ine ndimayesa inu mukudziwa!"

Mayi Omana anatembenuka pang'onopang'ono. Revathi ndi Sajeev anali atagwira pamimba, mapewa akugwedezeka, akufa ndi phwete lopanda phokoso.